Mafunso ndi Mayankho: TV Yakale Yokonzedwa Tigwiritse Ntchito Yanji?

Muulutsi: Nthawi yakwana yoti tiyankhe makalata ndi mauthenga anu okhudza zipangizo zamagetsi. Sabata ino thumba ladzaza ndi nkhani imodzi, ya ma TV opyapyala aja amene akalamba. Ena akonzedwa koma pabalaza analowapo kale ina, ena angotsamira khoma kuchipinda atafundidwa chitenje. Amisiri athu afika kale.

Mmisiri: Tiyeni tiyambe msanga, mulu wa makalatawo ndawuona, si wamasewera.

Muulutsi: Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Akuti: "TV yanga ya mainchesi 32 inasiya kuonetsa zithunzi, mawu okha ndiwo ankamveka. Bambo a kunyumba anagula ina. Patapita miyezi mwana wanga anainyamula yakaleyo kupita nayo kwa okonza ku Limbe, ndipo pano ikugwira bwinobwino. Koma ofuna kugula akutchula ndalama yosafika ngakhale pa imene ndinalipira pokonzetsa. Ndili ndi kagolosale pakhomo pano. Ndingoigulitsa motchipa choncho, kapena nditani nayo?"

Mmisiri: Mayi, musagulitse. Ndiyambe ndi matenda amene TV yanuyo inadwala, chifukwa ndi omwe amagwetsa ma TV ambiri ofika pa tebulo langa. Galasi la TV yotere silitulutsa kuwala palokha. Kuseri kwake kuli mizere ya timababu ta LED tolumikizidwa motsatana, moti kamodzi kakapsa mzere wonse umazima, ndipo kawirikawiri TV imazimitsanso mizere yotsalayo podziteteza. Mawu amapitirira, zithunzi nazonso zimakhala zikuyenda, koma mumdima. Aliyense amene TV yake ikuchita zimenezi atenge tochi ya pa foni usiku, aiyandikize pagalasi TV ili chiyakire. Mukaona tizithunzi tikuyenda mozimiririka, dziwani kuti galasi lili moyo ndipo TV imeneyo ikhoza kukonzeka popanda kugulitsa mbuzi.

Inu mayi mukafunse okonzawo ngati anasintha mizere yonse kapena kababu kamodzi kokha kamene kanapsa. Akasintha kamodzi, totsalato timakhala tatopa kale, ndipo pakapita nthawi mumabwereranso ku Limbe. Mukatero mulowe mu menyu ya zithunzi, mupeze polembedwa Backlight, mutsitse kuchoka pa 100 kufika chapakati. Ma TV ambiri amachoka kufakitale atakwezedwa mpaka kumapeto kuti aziwala m'shopu, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene kumapsereza timababu.

Tsopano ntchito yake. Muli ndi golosale, ndipo mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi sopo ikusintha pafupipafupi, makatoni olembapo mitengo achita kukutherani. Mwana wanuyo alembe mitengo pa foni kapena pa kompyuta ndi zilembo zikuluzikulu, asunge ngati zithunzi za JPEG, aike mu fulashi. Fulashiyo muibaye pa kabowo ka USB kumbuyo kwa TV, musankhe kuti zithunzi zizisinthana zokha. TV ikakana kuwerenga fulashi, musaganize kuti yafanso: ma TV akale ambiri amafuna fulashi yofomatidwa mwa FAT32. Pakati pa mitengoyo muikepo nambala yanu ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi uthenga woti mumagulitsanso mazira kapena mafirizesi. TV ya LED ya msinkhu umenewo imadya mawati apakati pa 30 ndi 50. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi, ndiye ngakhale iyake maola 10 siipitirira theka la yuniti. Muipachike pamwamba, kutali ndi utsi wa mbaula ndi dzuwa la masana.

Muulutsi: Kalata yachiwiri ndi yaitali, ndiidula pang'ono. Yachokera kwa aphunzitsi a sayansi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Ntcheu. Akuti munthu wakufuna kwabwino amene amakhala ku Britain anatumiza ma TV atatu ogwiritsidwapo kale ntchito, onse a Samsung, ndipo mmisiri wa pa boma anawakonza. Sukuluyo ilibe magetsi a ESCOM, ili ndi sola ndi batire limodzi la 100Ah. Akuti: "Tikayatsa yaikuluyo, inveta imayamba kulira pasanathe maola awiri. Komanso tilibe dikoda. Aphunzitsi anzanga akuti tingowasunga mu ofesi ya ahedi. Kodi ana angapindule nawo bwanji?"

Mmisiri: Aphunzitsi, kalata yanu yandikhudza, chifukwa mu ofesi za ahedi m'dziko muno muli katundu wambiri amene akudyedwa ndi fumbi ana ali ndi njala ya maphunziro. Musawatsekere.

Choyamba tidziwe kuti mwalandira chiyani. Kuno TV iliyonse yopyapyala timaitchula plasma, koma pa ma TV akalewa mitundu yake ndi itatu, ndipo pa sola kusiyana kwake ndi kwakukulu. Tembenuzani iliyonse muwerenge kapepala kakumbuyo. Pa Samsung zochokera ku Ulaya, nambala ikayamba ndi PS ndiye plasma yeniyeni, ikayamba ndi LE ndi LCD yakale yowala ndi machubu, ikayamba ndi UE ndi ya LED. Zogulidwa kuno ku Africa zimayamba ndi PS, LA kapena UA. Plasma yeniyeni ndi yolemera, imatentha, ndipo ya mainchesi 42 imatha kudya mawati 200 kapena kuposa. Panasonic, Samsung ndi LG onse anasiya kupanga ma TV a plasma pofika kumapeto kwa chaka cha 2014. Ya machubu ya mainchesi 32 imadya mawati 100 kapena kupitirirako pang'ono. Ya LED ndi imene ndatchula kwa mayi aja, siipitirira theka la zimenezo.

Tiwerengere limodzi, inu ndinu a sayansi. Batire la mavoti 12 la 100Ah limasunga mphamvu yoyendetsa mawati 1,200 kwa ola limodzi. Koma batire la asidi silifuna kukhudzulidwa kupitirira theka, apo ayi limafa msanga, ndiye zanu zenizeni ndi 600. Inveta nayo imadyako gawo lake, mutsala ndi pafupifupi 500. Gawani ndi 250 wa plasma, mupeza maola awiri, ndiye kulira kwa inveta kumene mukukumvako. Gawani ndi 40 wa LED, mupeza maola 12 ndi theka. Ndikukhulupirira kuti yaikulu yanuyo ndi plasma. Imeneyo musalimbane nayo. Kambiranani ndi komiti ya sukulu musinthanitse ndi munthu wa pa boma amene ali ndi magetsi a ESCOM, akupatseni ya LED ngakhale yocheperako, kapena batire lachiwiri.

Za dikoda musadandaule nazo, m'kalasi simukufuna mpira. Chimene mukufuna ndi kabowo kolembedwa HDMI. Laputopu iliyonse, ngakhale yakale imene galasi lake linasweka, mukailumikiza pamenepo TV yasanduka bolodi. Ngati laputopuyo ili ndi kabowo ka buluu ka VGA kokha, pali kachipangizo kotchipa kosinthira VGA kupita ku HDMI. Mukapeza wokuthandizani, mupemphe kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, kokwana m'dzanja, kamene kanayamba kugulitsidwa ku Britain mu 2012. Kamadya magetsi ochepa kuposa babu lakale lija la mawati 40.

Zoikamo zilipo zaulere zosafuna intaneti m'kalasi. Pali Kolibri, pulogalamu ya bungwe la Learning Equality, imene imasunga maphunziro a masamu ndi sayansi ngati a Khan Academy. Pali Kiwix, imene imakulolani kukhala ndi Wikipedia mu fulashi. Ndipo kwa inu amene mulibe labu, pali PhET ya ku University of Colorado, pamene mwana amatha kulumikiza batire, waya ndi babu pagalasi, n'kuona chimene chimachitika akawonjezera mavoti. Mupite tsiku limodzi kumene kuli intaneti yamphamvu mukatsitse zonsezi, basi mwathana nazo. Mapepala a mayeso akale a MANEB muwajambule ndi foni, kalasi yonse iziwerenga funso limodzi pagalasi m'malo moti mutaye theka la piriyodi mukukopera pa bolodi. Koma ndinene mosabisa: TV siiphunzitsa. Kanema wa mphindi zisanu, muimitse, mufunse mafunso, ana alembe. Mukangoyatsa n'kutuluka, mwatsegula vidiyo sho m'kalasi.

Muulutsi: Pamenepo aphunzitsi amva. Uthenga wotsatira ndi waufupi, wachokera kwa mnyamata wa ku Chibavi ku Mzuzu. Akuti anagula chingwe cholumikizira foni ku TV yakale ya amalume ake, koma sichikuonetsa kanthu. Akufunsa ngati anamugulitsa chafeki.

Mmisiri: Mwina chingwecho chilibe mlandu, mphwanga. Si foni iliyonse imene imatulutsa zithunzi kudzera pa kabowo kotchajira, ngakhale kakhale ka USB-C. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe luso limenelo. Funa kachipangizo kobaya pa HDMI kolandira zithunzi kudzera pa Wi-Fi, pamsika amakatchula AnyCast, kenako pa foni upeze polembedwa Cast kapena Smart View. Upite ndi foni yako kwa ogulitsawo akayese pamaso pako usanalipire.

Muulutsi: Wina ndi mtsikana wophunzira pa koleji ina ku Lilongwe, amakhala ku Area 25. Akuti akugwiritsa ntchito TV yokonzedwa ngati galasi la kompyuta, koma zilembo sizikuoneka bwino, m'mbali mukudulidwa, ndipo maso akumuwawa.

Mmisiri: Chemwali, TV imaganiza kuti mukuonera kanema, ndiye imakuza chithunzi pang'ono n'kudula m'mbali. Pa rimoti mupeze posinthira kukula kwa chithunzi. Pa LG musankhe Just Scan, pa Samsung musankhe Screen Fit. Kenako mutsitse Sharpness pafupifupi mpaka pansi, chifukwa ndi imene ikuika timizere toyera m'mphepete mwa zilembo. Pa kompyuta muike kukula kogwirizana ndi galasilo: ma TV ambiri akale a mainchesi 32 ndi 1366 kwa 768, osati 1920 kwa 1080. Ndipo musakhale nayo pafupi ngati laputopu. Muisunthire kumbuyo mita imodzi kapena kuposa, mutsitse kuwala, usiku muyatse babu m'chipindamo. Maso akapitiriza kuwawa mupite akakuyezeni kuchipatala, musangonamizira TV.

Muulutsi: Iyi yachokera ku Mponela, kwa bambo wina amene ndi telala. Akuti: "Mdzukulu wanga anaponya supuni pa TV, galasi linang'aluka, pano ikungoonetsa mizere ndi chinthu chakuda ngati inki. Mmisiri wina akuti ndimupatse ndalama akaitanitse galasi ku Joni. Wina akuti ndingotaya. Ndimvere uti?"

Mmisiri: Bambo, onse awiri musawamvere. Galasi ndilo gawo lodula kwambiri pa TV yonse. Mukaphatikiza mtengo wake, wonyamula, ndi chiopsezo choti lisweka panjira kapena lifika losagwirizana ndi TV yanu, mupeza kuti mwalipira ndalama ya TV ina yathunthu. Mng'alu wa galasi sumatidwa, ndipo amene angakuuzeni kuti ali ndi mankhwala ochotsa inki imeneyo akufuna kukuberani. Ngati mmisiri ali ndi TV ina yofanana ndendende imene inapsa bolodi koma galasi lili bwino, apo pokha ndi pamene ndingavomere.

Koma kutaya ayi. Mwanena kuti ikuonetsa mizere, kutanthauza kuti kuwala kwa kuseri kulipo. Inu ndinu telala, ndipo ndikudziwa mmene mumavutikira kulowetsa ulusi pa singano dzuwa likapendeka, makamaka nyengo ya mayunifomu ndi ya maukwati. Mmisiri akachotsa galasi loswekalo, pansi pake amapeza mapepala oyera apulasitiki amene ntchito yawo ndi kumwaza kuwala kuti kufanane paliponse. Akawasiya mapepalawo m'malo mwake, mwapeza nyale yaikulu yowala mofewa, yosathobwa m'maso, yosachita zithunzithunzi za manja pa nsalu. Muipachike pamwamba pa makina. Mukaigoneka pa tebulo n'kuikapo galasi wamba lochindikala, mukhoza kumakoperapo mapatani ndi maluwa a pa nsalu, chifukwa kuwala kumadutsa papepala. Ojambula zithunzi za ziphaso ndi a saluni nawonso nyale yotere imawathandiza.

Vuto limodzi ndi loti ma TV ambiri amazima okha akakhala osalandira chithunzi. Njira imene ndimaikonda ndi kuchotsa mabolodi onse, n'kumata mkatimo timizere ta LED ta mavoti 12 timene timagulitsidwa m'mashopu a zamagetsi. Ikatero nyale yanu iziyaka ndi batire la sola mwachindunji, popanda inveta, ESCOM ikazimitsa inu mukusoka. Mabolodi ochotsedwawo musapereke ulere. Bolodi la magetsi, bolodi lalikulu, masipika, rimoti ndi miyendo yomwe, zonsezo ndi masipeyala amene okonza amawasakasaka. Mugwirizane kuti mtengo wake uchotsedwe pa ndalama ya ntchito.

Muulutsi: Ndiye munthu akhoza kungotenga sikuludiraiva n'kutsegula yekha kunyumba?

Mmisiri: Ayi achimwene, ndipo apa ndikupempha omvera akweze wailesi. Mkati mwa TV muli kapasita wamkulu amene amasunga mavoti opitirira 300 ngakhale mutazula pulagi kukhoma. Amatha kukhala nawo kwa nthawi ndithu. Mmisiri amadziwa kumukhudzula asanagwire kanthu. Chachiwiri, zonse ndanenazi ndi za TV ya LED. Ngati yanu ndi yonenepa kumbuyo, yopangidwa cha m'ma 2010 kapena kale kuposa apo, mwina mkati muli machubu aatali opyapyala, ndipo m'machubumo muli mekyule. Zambiri zimakhala ndi chizindikiro cha Hg pa kapepala kakumbuyo. Mekyule ndi poizoni wowononga ubongo ndi mitsempha, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Ku Minamata m'dziko la Japan, matenda obwera ndi mekyule wotayidwa m'nyanja anadziwika mu 1956, ndipo pangano la maiko lothana ndi mekyule la mu 2013 linatchedwa dzina la mzinda umenewo. Chubu chikasweka m'nyumba, tulutsani ana, tsegulani mazenera ndi zitseko, mudikire panja kwa mphindi 15. Pobwerera musasese ndi tsache. Muwole zidutswa ndi katoni, totsalira mutole ndi selotepi, muike zonse m'botolo lotseka bwino.

Muulutsi: Tapita ku Zomba tsopano. Mkulu wa mpingo wina wa ku Chinamwali akuti akhristu apereka ma TV awiri a mainchesi 43 okonzedwa, ndipo achinyamata akufuna aziika mawu a nyimbo ndi zolengeza. Akufunsa ngati ziwoneke mpaka kumbuyo, komanso mmene angawapachikire.

Mmisiri: Zikomo akuluakulu. Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: pa mamita atatu aliwonse, chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka. Ngati benchi yomaliza ili pa mamita 12, zilembo zikhale za masentimita 10. Galasi la mainchesi 43 ndi lotalika masentimita 53 okha kuchoka pansi kufika pamwamba, ndiye mukwanitsa mizere itatu basi. Achinyamatawo asaunjike ndime yonse pagalasi limodzi, ndipo asiye maluwa ndi mathithi kumbuyo kwa mawu. Zilembo zoyera pa mtundu wakuda, zatha. Ngati tchalitchi ndi lalitali, TV imodzi ikhale kutsogolo, inayo pakati. Pali kabokosi kogawa chithunzi chimodzi cha HDMI ku ma TV awiri. Chingwe cha HDMI chikapitirira mamita 10 kapena 15 chimayamba kuvuta, ndiye pamtunda wautali mugule tizipangizo todutsitsa chithunzi pa waya wa netiweki. Pulogalamu ya OpenLP ndi yaulere ndipo inapangidwira ntchito yomweyi.

Popachika, kumbuyo kwa TV kuli mabowo anayi a mabawuti. Muyeze kuya kwake ndi kamtengo ka machesi musanamange. Bawuti lalitali limaboola mpaka kukaphwanya za mkati, ndipo ndalandirapo ma TV abwinobwino ophedwa ndi bawuti limodzi. Wowotcherera zitsulo akhoza kukupangirani chopachikira cholimba, bola pakati pa TV ndi khoma patsale mpata wodutsa mpweya. Khoma la zidina musalikhulupirire: imikani chitsulo kapena mtengo wolimba kuchokera pansi.

Ku Zomba mvula ndi ziphaliwali simuchita kuuzidwa. Mapemphero akatha zulani pulagi ndi zingwe zonse, chifukwa mphenzi imalowanso kudzera pa eriyo ndi pa HDMI. Mugulenso kachipangizo kotchedwa TV guard, kamene kamadikira kaye magetsi akabwera kasanawalole kulowa. Ndiwonjeze maganizo anga ngati mkhristu mnzanu: mabuku a nyimbo musawaike m'katoni. Magetsi adzazima pakati pa ndime yachiwiri, ndipo agogo amene maso awo safika pagalasi akufunabe buku m'manja.

Muulutsi: Mwachangu, bambo wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg watumiza uthenga. Akuti Smart TV imene anatumizira makolo ake ku Mangochi inasiya kutsegula YouTube, ndipo siikoka MBC. Akufunsa ngati atumize ina.

Mmisiri: Sungani ma rand anuwo, achimwene. Makampani amasiya kusamalira mapulogalamu a ma TV akale pakapita zaka, koma galasi limakhala lidakali labwino. Ng'ombe zikakalamba mumasintha ng'ombe, ngolo simuitaya. Tumizani kabokosi ka Android kobaya pa HDMI, YouTube ibwerera. Za MBC, dziko lino linasamukira ku kanema wa digito wa DVB-T2, ndipo ma TV ambiri akale alibe chokokera chake. Dikoda ya Kiliye Kiliye kapena ya GOtv ndi eriyo yabwino zithetsa nkhaniyo komwe siginecha yake imafika. Kumene siifika, afunika dishi. Ndipo kwa a mashopu amene mwafunsa za makamera achitetezo, yankho ndi lomweli: bokosi la makamera lili ndi HDMI kapena VGA, TV yakale ya LED ikwanira. Plasma yokha musaiike pa ntchito imeneyi kapena ya mitengo ija, chifukwa chithunzi chikakhalitsa malo amodzi chimadindika pagalasi osachokanso.

Muulutsi: Mlembi wa kalabu ya alimi ku Mchinji akuti ali ndi TV ya mainchesi 24 yokhala ndi adaputala yakunja yolembedwa 12V. Akufuna aziyenda nayo m'midzi kuonetsa alimi makanema a ulimi, madzulo azionetsa mafilimu kuti kalabu izipeza kangachepe.

Mmisiri: Imeneyo ndi TV yamwayi, alembi. Yolembedwa 12V siifuna inveta. Koma musailumikize ku batire mwachisawawa, chifukwa batire likamatchajidwa ndi sola limakwera kupitirira mavoti 14. Pakati pake paikidwe kachipangizo kosunga mavoti pa 12, ndi fyuzi, ndipo mmisiri aike chizindikiro pa waya wofiira kuti wina asadzatembenuze. Kalipentala akukhomereni bokosi la matabwa lokhala ndi siponji, TV iziyenda choimirira pa njinga, osaigoneka. Makanema a ulimi a m'Chichewa alipo a bungwe la Access Agriculture, otsitsa ulere pa intaneti. Muitane alangizi a m'dera lanu akhalepo poonetsa, kuti mafunso a alimi ayankhidwe pomwepo. Za mafilimu olipiritsa, dziwani kuti kuonetsa ntchito za ena pagulu kumafuna chilolezo, ndipo oyang'anira zimenezi ndi a COSOMA, pansi pa lamulo la kukopera la 2016. Mukawaone. Ndipo chonde, nthawi ya sukulu mwana wa yunifomu asapezeke pamenepo.

Muulutsi: Yomaliza lero ndi yodandaula. Mayi wina wa ku Ndirande akuti kuseri kwa nyumba yake anyamata amaphwanya ma TV ndi mawailesi akufa, n'kumawotcha mawaya kuti apeze kopa wokagulitsa. Utsi wake umalowa m'nyumba, mwana wake wakhanda akukhosomola, ndipo zotsala amazikankhira mumtsinje wa Nasolo.

Mmisiri: Pepani mayi. Mwanayo mupite naye kuchipatala mawa lomwe, ndipo mukawauze adokotala za utsiwo. Pulasitiki wokuta mawaya akapsa amatulutsa utsi wa poizoni, mabolodi akale ali ndi mtovu, ndipo za machubu ndanena kale. Zimenezi zikalowa mu Nasolo zikathera mu Mudi, kumene ena akuchapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso mwadongosolo zinali 22 pa 100 zilizonse. Kuno ku Africa sizinafike ngakhale chimodzi pa 100. Ku Agbogbloshie mumzinda wa Accra ku Ghana, kuwotcha kotereku kunawononga nthaka ndi thanzi la achinyamata kwa zaka zambiri boma lisanagwetse malowo mu 2021. Tisadikire kuti Ndirande kapena Mchesi afike pamenepo.

Anyamatawo si adani anu, akusaka chakudya. Mupite ndi amfumu a m'dera lanu kapena akhansala mukakambe nawo. Waya amasendeka ndi mpeni popanda moto, ndipo kopa wosawotcha ndi woyera, ogula amamukonda kuposa wakuda ndi mwaye. Bolodi la TV lathunthu likafika kwa ife okonza lili ndi mtengo woposa tizitsulo timene amatolamo akaliphwanya. Akakana kumva, nkhaniyo ipite ku khonsolo ya mzinda ndi ku MEPA, bungwe loteteza chilengedwe. Kwa mabungwe amenewa pempho langa ndi lakuti pa msika waukulu uliwonse, Limbe, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pakhale malo odziwika olandirira machubu, mabatire ndi mabolodi akufa, kuti munthu wofuna kuchita bwino adziwe kopita nazo. Anzanga okonza, mmisiri amene akulandira ma TV khumi pa sabata atengenso mnyamata mmodzi mwa amenewa amuphunzitse kugwira chowotcherera ndi mita.

Muulutsi: Nthawi yatithera, ndipo makalata a ku Karonga, Nsanje ndi Chipata tiwayankha sabata yamawa.

Mmisiri: Omvera, mukamalemba kalata muzitembenuza TV yanu n'kukopera nambala yonse ya pa kapepala kakumbuyo, mutiuzenso ngati muli pa ESCOM kapena pa sola. Mukatero tidzakuyankhani za TV yanu yeniyeniyo.